Chikwama kumsana: kuchoka ku Dedza, kudzera ku Ulónguè ndi Tete, mpaka ku Kulamba

Achinyamata ambiri a ku Dedza ndi Ntcheu amati Mozambique amaidziwa chifukwa anagulako mbatata tsidya la msewu pa Lizulu, kapena anakhalako tchuthi kwa amalume ku Angónia. Mtima umenewu ndi umene umawagwetsa akafuna kuyenda ulendo weniweni. Ena amadutsa njira yachidule opanda chidindo n'kukagwidwa pa rodibuloko yoyamba. Ena amafika bwinobwino, koma n'kubwerako asanacheze ndi munthu aliyense kupatula kondakitala ndi wokazinga tchipisi.

Malangizo awa ndi a ulendo wozungulira wa masiku 10 mpaka 14: kutulukira pa boda ya Dedza, kukhala ku Ulónguè m'boma la Angónia, kutsikira ku Tete, kutuluka mu Mozambique pa boda ya Cassacatiza n'kulowa mu Zambia pa Chanida, kuonerera mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Katete, ndi kubwerera kudzera ku Chipata ndi Mchinji. Chigawo chachikulu cha njirayi anthu amayankhula Chichewa, choncho ndi ulendo woyenera munthu amene akutuluka kunja koyamba.

## Zoyenera kulongedza

- Pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe, yokhala ndi masamba osadindidwa. Onjezani mafotokope awiri a tsamba la chithunzi, ndipo muwasunge malo osiyana ndi pasipotiyo.
- Chiphaso cha unzika ndi buku la kuchipatala.
- Chikwama cha malita 35 mpaka 45. Chikakwana katundu chisapitirire makilogalamu 10, chifukwa nthawi zambiri mudzachinyamula pamiyendo m'galimoto.
- Malaya atatu, mathalauza kapena masiketi awiri, juzi, nsapato zolimba ndi patapata. Zitenje ziwiri, ngakhale muli mwamuna: chimodzi chofunda, china choyala kapena chopukutira.
- Neti ya udzudzu ndi chingwe cha mamita anayi kapena asanu.
- Panado, mapaketi a Thanzi, kabotolo ka WaterGuard, pulasitala, ndi botolo la madzi la malita awiri.
- Foni, tchaja, pawabanki, ndi adaputa ya mano awiri obulungira. Masoketi ambiri a ku Mozambique salowa pulagi yathu ya mano atatu.
- Tochi, kaloko kakang'ono, kope ndi bolopeni.
- Mphatso zosalemera: shuga wa kilogalamu imodzi, sopo, ndi masamba a tiyi wa kwathu kuno.

## 1. Sankhani tsiku, kenako werengani chobwerera m'mbuyo

Kulamba imachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete, komwe mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakalambira Kalonga Gawa Undi. Konzani zofika ku Katete Lachitatu kapena Lachinayi la sabata imeneyo, ndiye nyamukani ku Dedza masiku 8 kapena 9 tsiku lofika ku Katetelo lisanakwane. Ogasiti ndi mwezi wabwinonso chifukwa misewu ndi youma ndipo Tete sikunafike potentha kwenikweni. Mu Okotobala ndi Novembala kumeneko kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wakulira m'chisanu cha ku Dedza amavutika nako.

Chenjezo: ngati mulibe pasipoti, yambani ndi imeneyo miyezi ingapo nthawi isanakwane. Musagule china chilichonse cha ulendo buku lisanafike m'manja.

## 2. Pezani mayina a anthu musananyamuke

Ili ndi gawo limene ambiri amalidumpha, chikhalirecho ndilo limapangitsa kuti ulendo ukome. Mlendo wofika ndi dzina la womutuma amalandiridwa mosiyana ndi wongotulukira.

Khalani pansi ndi agogo, azakhali, abusa kapena akatekisiti, ngakhale amayi amene amakaoda nyemba ndi mbatata tsidya lija. Funsani kuti: ku Angónia tili ndi ndani? Ku Katete kuli wachibale kapena wa mpingo wathu? M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, anthu ambiri anathawira ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo mabanja ochuluka a kuno anakhala nawo limodzi, ena mpaka kukwatirana. Maubale amenewo akadalipo, kungoti achinyamata sawafunsa.

Lembani m'kope dzina la munthu, mudzi wake, mfumu yake, ndi nambala ngati ilipo. Pemphani wokutumaniyo kuti aimbe kapena atumize uthenga wa mawu pa WhatsApp inu musanafike. Dziwaninso za inu mwini: mfunda wanu, mudzi wa amayi anu, gulupu ndi mfumu yaikulu. Kumudzi sakufunsani sukulu imene munaphunzira, akufunsani kuti ndinu mwana wa yani.

## 3. Konzani ndalama za mitundu itatu

Mufunika metical ku Mozambique, kwacha ya Zambia, ndi kwacha yathu yoyendera kuchoka ku Mchinji kubwerera kwanu. Kwacha ya Malawi imayenda m'misika ya m'malire basi. Mukalowa mkati palibe amene adzailandire.

Sinthani ku banki kapena ku malo ovomerezeka ngati ndalama zakunja zilipo, ndipo sungani lisiti. Anyamata osintha ndalama pa boda sasowa, koma malonda awo ndi osavomerezeka ndipo chinyengo chake chimadziwika: amawerenga mofulumira, amapinda pepala limodzi kuti lioneke ngati awiri, kapena amakubwezerani ndalama zanu ati mtengo wasintha, zina atasolola kale. Zambia inatulutsa ndalama zatsopano mu 2025, ndiye onani zithunzi zake pa intaneti kuti wina asakupatsireni zakale.

Gawani ndalama patatu: za tsikulo m'thumba, zambiri m'kachikwama ka m'chiuno mkati mwa zovala, ndi zobwererera pansi penipeni pa chikwama. Zomalizazi musazikhudze ngakhale mutaona nsapato yokongola bwanji pa msika wa Tete.

## 4. Dutsani pa boda, ndipo onani chidindo ndi maso anu

Fikani pa boda ya Dedza m'mawa. Dinditsani kotuluka ku ofesi ya Malawi, yendani kukafika ku Calómuè, mbali ya Mozambique, n'kudinditsanso kolowa. A ku Ntcheu angathe kutulukira pa Biriwiri. Mmalawi wokacheza safunika viza ku Mozambique kapena ku Zambia, koma wogwira ntchito pa boda amalemba masiku amene wakupatsani. Musachoke pawindo musanatsegule pasipoti n'kuona zinthu zitatu: chidindo chilipo, tsiku lake ndi la lero, ndipo masiku olembedwawo akukwanira ulendo wanu.

Akakufunsani kumene mukupita, yankhani mwachindunji: "Ndikupita kukacheza ku Ulónguè ndi ku Tete, ndidzatulukira ku Cassacatiza." Kapepala kongodutsira pa boda kamene anthu a m'malire amatenga ndi ka maulendo aafupi. Pa ulendo wa maiko atatu tengani pasipoti.

Chenjezo lalikulu: musalowere njira zachidule, ngakhale mwakhala mukuzidutsa kuyambira muli mwana. Wopanda chidindo cholowera adzavutika potuluka pa Cassacatiza, makilomita mazana kutali ndi kwawo, kumene kulibe womudziwa.

## 5. Ku Ulónguè khalani masiku atatu

Kuchoka pa Calómuè kupita ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, si patali. Minibasi kumeneko amaitcha chapa, ndipo monga kwathu, siinyamuka isanadzaze. Mukafika pezani malo ogona dzuwa likadali m'mwamba. Malo otsika mtengo amalembedwa kuti pensão. Pemphani kuona chipinda musanalipire: yesani loko, onani pomangirira neti, funsani za madzi. Kenako gulani simukhadi ya Movitel kapena Vodacom pa shopu yeniyeni, poti amalembetsa ndi pasipoti. Mayunitsi a Airtel kapena TNM amatha ngati mchere m'madzi mukangodutsa malire.

Anthu a ku Angónia amayankhula Chichewa, koma mitengo, masiku ndi nthawi amakonda kutchula m'Chipwitikizi. Lowezani manambala awa: dez ndi 10, vinte 20, cinquenta 50, cem 100, quinhentos 500, mil 1,000. Mu 2006 dzikolo linachotsa maziro atatu pa ndalama zake, ndipo achikulire ena amatchulabe mitengo mwachikale. Mukakayikira, lembani nambala pa foni muwaonetse.

Kucheza kumayamba chonchi. Sankhani malo amodzi odyera pa msika ndipo muzidya pomwepo tsiku lililonse. Tsiku loyamba ndinu kasitomala. Lachiwiri amayi ogulitsa aja adzakufunsani kwanu. Lachitatu adzakuuzani kumene kuli ukwati Loweruka, kapena kuitana mwana wawo kuti akuperekezeni. Wodya malo atsopano tsiku ndi tsiku amakhala mlendo mpaka kuchoka. Malo ena osavuta ndi kutchalitchi Lamulungu, pa bwalo la mpira madzulo, ndi pa bawo pansi pa mtengo. Pa bawo musafike ndi kupempha kusewera. Perekani moni kwa aliyense, khalani pansi, onererani masewero awiri kapena atatu. Adzakuitanani okha.

### Kulowa m'mudzi

Ngati muli ndi dzina la munthu wa kumudzi, kwerani njinga kapena njinga yamoto mutagwirizana mtengo musanakwere. Mukafika pakhomo imani chapatali ndi kunena "Odi!" Dikirani akuyankheni. Akakuyalirani mkeka kapena kukupatsani mpando, khalani kaye chete. Moni amayamba ndi eni khomo. Chikwama chitsitseni, chipewa ndi magalasi a dzuwa vulani, zomvera m'makutu chotsani.

Akatha moni ndi pamene mumafotokoza ulendo, mosathamanga: "Ine ndine Nabanda, ndachokera ku Dedza kwa a Kachere. Andituma ndi agogo anga akuti, amene munakhala nawo nthawi ya nkhondo. Ati ndidzakuoneni." Mphatso perekani ndi manja awiri kwa mayi wa pakhomo, osati pagulu ngati mukugawa chithandizo.

Mukati mugone, pemphani eni nyumba kuti akakuonetseni kwa amfumu tsiku lomwelo. Si mwambo chabe. Mbuzi ikasowa usiku umenewo, woyamba kuganiziridwa ndi mlendo amene mfumu sikumudziwa. Kwa amfumu mnyamata akhale pansi kapena anjute, mtsikana agwade atavala chitenje, ndipo wokuperekezaniyo ndiye ayambe kuyankhula.

M'mawa musagone mpaka dzuwa kuwawa. Gwirani tsache, tengani ndowa, tsatirani anzanu kudimba. Nkhani zenizeni zimatuluka manja ali pa ntchito: chifukwa chimene alimi a kumeneko amagulitsira mbatata ndi chimanga ku Malawi chaka china n'kusiya chaka china, mmene ana amavutikira kuyamba sukulu m'Chipwitikizi pamene kunyumba amayankhula Chichewa, mmene Angoni a Maseko a kuphiri la Domwe amawerengera ubale wawo ndi a kwa Gomani ku Ntcheu. Za nkhondo musafunse nokha. Achikulire akaziyamba, mverani osadula mawu, ndipo musafunse kuti anali mbali iti. Masiku awiri pakhomo pa munthu ndi okwanira, paja mlendo ndi mame. Potsanzika siyani kandalama ka ndiwo kwa mayi wa pakhomo mwakachetechete.

## 6. Tsikirani ku Tete m'mamawa

Khalani pa siteji kusanache. Galimoto zoyamba ndizo zimadzaza msanga, ndipo mumafika dzuwa lisanakwiye. Msewu umatsika kuchoka kumapiri, kudutsa ku Moatize kumene kuli migodi ya malasha, n'kufika pa mtsinje wa Zambezi. Tauni ili tsidya la mlatho wa Samora Machel.

Ku Tete Chichewa chimachepa. Anthu ambiri amayankhula Chinyungwe, chimene mudzamva pang'ono mukatchera khutu, ndi Chipwitikizi. Mawu ochepa awa amatsegula zitseko: bom dia m'mawa, boa tarde masana, com licença popempha njira, quanto custa pofunsa mtengo, ndi obrigado pothokoza ngati ndinu mwamuna, obrigada ngati ndinu mkazi. Kunena molakwika si vuto. Anthu amaseka, n'kukukonzani, ndipo macheza ayambira pomwepo. Choipa ndi kuyankhula Chingerezi mokweza ngati kuti wosamvayo ndi wogontha.

Yendani m'mawa ndi madzulo, masana bisalani pamthunzi. Imwani malita atatu a madzi patsiku kapena kuposerapo, a m'botolo lomata kapena othira WaterGuard. Lawani nyama ya mbuzi imene Tete amatchuka nayo, nsomba zouma za ku damu la Cahora Bassa zotchedwa chicoa, masau ndi malambe. Buledi wa pão wam'mawa ndi wotchipa ndipo amasunga mimba. Mu Zambezi musasambe: muli ng'ona.

Pasipoti iziyenda nanu paliponse chifukwa apolisi amafunsa zikalata mumsewu. Perekani moni, onetsani, yankhani modekha. Akati mulipire chindapusa, funsani chifukwa chake ndi kupempha lisiti, lomwe amati recibo. Musajambule apolisi, asilikali, maofesi a boma kapena mlatho muli pafupi ndi alonda. Ku Tete kuli ofesi ya kazembe wa Malawi. Funsani pamene ili tsiku lofika, musanaifune.

## 7. Msewu wa ku Cassacatiza

Ili ndi tsiku lovuta kuposa onse. Msewu wopita ku malire a Zambia umayambira ku Matundo, tsidya la kumpoto la mtsinje wa Zambezi, n'kulowera kumpoto kudzera ku Chiúta, ndipo ndi wautali, wa galimoto zochepa. Pitani pa siteji dzulo lake mukafunse nthawi yonyamukira ndi ngati galimotoyo ikukafika pa boda penipeni kapena ikuthera panjira. Nyamulani madzi odzaza, buledi ndi mtedza. Maliziranitu ma metical anu kapena asintheni musanawoloke, chifukwa mkati mwa Zambia ndi ovuta kusintha.

Dinditsani kotuluka pa Cassacatiza, kolowa pa Chanida, n'kukwera galimoto ya ku Katete. Dzuwa likakuloweranipo pa boda, gonani pomwepo pa malo olipira.

Musavomere kubisidwa m'thiraki kapena kukwera kumbuyo kotsekedwa ngakhale wina atati ndi ulere. Mu Malichi 2020 anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena m'chigawo chomwechi cha Tete, atalowa kuchokera ku Malawi. Aliyense wokulonjezani ntchito ku Johannesburg panjira, n'kupempha kuti akusungireni pasipoti, mutalikireni.

## 8. Ku Katete ndi ku Mkaika

Sabata ya Kulamba malo ogona ku Katete amadzaza ndipo mitengo imakwera, n'chifukwa chake mufike masiku awiri kapena atatu mwambo usanachitike. Njira yabwino ndi kufunafuna msasa wa anthu a kwanu. Mafumu a ku Dedza, Lilongwe, Mchinji ndi maboma ena amabwera ndi magulu awo, ndipo mukadzitchula bwino kwa akuluakulu a gululo sakusiyani panja. Apa ndi pamene neti ndi zitenje zija zimagwira ntchito.

Masiku okonzekera ndi amene amakoma pocheza. Anthu a ku Angónia, a ku Chadiza ndi a ku Kasungu amaphika moyandikana, ndipo mungathe kumva nyimbo imodzi ya chimtali ikuimbidwa mosiyana katatu. Loweruka lenilenilo kumakhala khamu, fumbi ndi zoyankhula zambiri. Fikani m'mawa, khalani kumene akalozera akuuzani, foni ndi ndalama mkati mwa zovala.

Za Gule Wamkulu mwana wa ku Dedza safunika kuphunzitsidwa, koma wokulira m'tauni kapena kuchingoni amve izi. Chilombo chikamadutsa patukani, ndipo ngati mukusupa ponyani ndalama pansi kapena perekani kwa wochiperekeza. Musachikhudze, musachitsatire kumene chikuchokera, ndipo musayerekeze kunena kuti mwazindikira munthu. Kudambwe wosalowa sapitako. M'bwalo anthu amajambula, koma kunja kwa bwalo funsani kaye akuluakulu a gule. Anamwali ndi amayi achikulire musawajambule chobera kuti mukaike pa Facebook kapena TikTok. Pemphani, ndipo akakana bwezani foni m'thumba.

## 9. Kubwerera

Lamulungu galimoto zimadzaza ndi anthu obwerera, choncho ngati ndalama zilipo dikirani Lolemba. Kwerani ya ku Chipata, kenako ya ku Mwami, dinditsani kotuluka ndi kolowa, n'kupitirira ku Mchinji, Lilongwe mpaka kwanu. Mukafika imbirani onse amene anakusungani kuwauza kuti mwafika bwino, ndipo kawafotokozereni agogo amene anakutumani aja. Mukamva kutentha thupi kapena kuphwanya m'mfundo m'masabata otsatira, kayezetseni malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene munali.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kunyamulira munthu katundu pa boda. Mayi wooneka wotopa akupemphani kuti mumugwirireko kachikwama. Chikapezeka ndi chamba kapena katundu wozembetsa, mlandu ndi wa amene wachinyamula. Kanani mwaulemu.

Kuthamanga. Kufuna kuona Songo (tauni ya pa damu la Cahora Bassa), Tete, Katete ndi Chipata m'masiku asanu kumatha ndi munthu amene waona mipando ya minibasi yokha. Ngati masiku achepa, chotsani malo, musachepetse masiku okhala pamalo amodzi.

Kuyenda gulu lalikulu. Anthu asanu ndi mmodzi amangocheza okhaokha, ndipo palibe banja la kumudzi limene lingawadyetse. Awiri ndi abwino. Mtsikana woyenda yekha auze wachibale kumene wagona usiku uliwonse, ndipo pofika malo achilendo ayambe kufunsa njira kwa amayi anzake.

Kuyerekeza chilichonse ndi kwathu. "Kwathu nsima sitiphika chonchi" ndi mawu amene amatseka pakamwa pa wokulandirani. Chimodzimodzi mikangano ya Frelimo ndi Renamo kapena zipani za ku Zambia. Mverani, funsani, koma maganizo anu sungani. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Mowa wa anthu ongokumana nawo. Kukana kwathunthu si mwano; nenani kuti mukumwa mankhwala kapena simumwa. Ngati mukumwa, botolo litsegulidwe inu mukuona, ndipo mubwerere kogona kusanade kwambiri.

Kulonjeza zimene simungathe. Mnzanu watsopano akapempha kuti mudzamupezere ntchito ku Lilongwe kapena mudzamutumizire foni, musavomere pofuna kumusangalatsa. Adzadikira, ndipo wachibale wanu amene adzapite kumeneko chaka chamawa ndi amene adzafunsidwe.

Kupitirira masiku a pa chidindo. Tsiku lomaliza lilembeni pa tsamba loyamba la kope ndipo muike alamu pa foni masiku atatu lisanakwane. Mukadwala kapena ndalama zikakutherani, pitani ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka ya m'tauni imene muli tsikulo lisanadutse, mutatenga pasipoti ndi kalata ya kuchipatala ngati ilipo.